Kugula galimoto yakale m'dziko loyandikana nalo: muyambire ku ofesi yolembetsa

Funso

Mlamu wanga amagwira ntchito m'dziko loyandikana ndi lathu, ndipo wandipezera galimoto ya double cab yoyendera dizilo, ya chaka cha 2014, pamtengo wotsika kuposa umene ndingaipezere kuno. Wogulitsayo akuti sindidzalipira msonkho pamalire chifukwa mayiko athu awiriwa ali mu mgwirizano umodzi wa zamalonda, ndiponso akuti ndikhoza kubwera nayo ndi nambala zake zakomweko n'kudzailembetsa ndikapeza mpata. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga ndiyambire pati kuti galimotoyi idzakhale m'dzina langa popanda mavuto?

Yankho

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke, pakuti safunsa anadya phula. Pa zinthu ziwiri zimene wogulitsayo wakuuzani, choyamba chili ndi choonadi pang'ono, chochepa kwambiri kusiyana ndi mmene iye akuchikuzira, pamene chachiwiri ndi chimene chalanditsa anthu ambiri magalimoto awo. Ndifika pa zonsezi, koma ndiyambe ndi funso lanu lomaliza, la poyambira.

Anthu ambiri amaiona galimoto n'kuikonda, amalipira, amafika nayo pamalire, ndipo akakhala atatopa kale ndi pamene amakafunsa ku ofesi yolembetsa magalimoto kuti pakufunika chiyani. Inu muyambire kumapetoko. Pitani kaye ku ofesi imene idzakupatseni bulubuku ndi nambala, mukafunse mapepala onse amene amafuna pa galimoto imene inalembetsedwapo kale m'dziko lina. Mukachoka kumeneko mupite kwa a kasitomu, muwapatse mtundu wa galimotoyo, chaka chake, kukula kwa injini ndi nambala ya chesisi, kuti akuuzeni ngati ikuloledwa kulowa ndiponso msonkho umene mungayembekezere. Mukatero ndiye mubwerere kwa wogulitsa muli ndi mndandanda m'manja, chifukwa pepala limene wogulitsa angalipeze m'masiku awiri asanalandire ndalama yake, akailandira limatha kukutengerani miyezi, inu muli tsidya lino iye ali tsidya ilo, foni yake ikungolira yosayankhidwa.

Funso lakuti galimotoyo ikuloledwa kulowa kapena ayi lisakuonekereni lachibwana, chifukwa mayiko amasiyana kwambiri pa nkhaniyi. Dziko la Kenya sililola galimoto imene yapitirira zaka 8 chiilembetsereni koyamba, ndipo limafuna kuti chiwongolero chikhale kumanja. South Africa imaletsa pafupifupi magalimoto onse akale ochokera kunja, kupatula a anthu ochepa monga nzika zimene zikubwerera kwawo, zomwenso zimayenera kutenga chilolezo chapadera. Ku United States lamulo lili chozondoka, pakuti galimoto imene sinapangidwe motsatira miyezo yawo imaloledwa ikakwanitsa zaka 25, pamene ku Canada ndi zaka 15. Mayiko ena saletsa konse, koma amakweza msonkho galimoto ikamakalamba, moti kusiyana kwa chaka chimodzi chokha kukhoza kukuikani m'gulu lolipira zambiri. Pa chifukwa chimenechi, musangokhulupirira mawu akuti "ya 2014". Chaka chimene galimoto inapangidwa, chaka chimene inalembetsedwa koyamba ndi chaka cha modelo yake sizikhala zofanana nthawi zonse, ndipo muyenera kudziwa chimene a kasitomu akwanu amawerengera. Kachizindikiro kosokedwa m'munsi mwa lamba wa pampando kawirikawiri kamaonetsa chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo ogwira ntchito pamalire amakayang'ana akakayikira mapepala. Mbali ya chiwongolero nayo ndi yofunika mayiko oyandikana akamayenda mbali zosiyana za msewu, monga zilili pakati pa Zambia ndi Angola kapena pakati pa Tanzania ndi Rwanda, chifukwa ngakhale nyale zakutsogolo zimapangidwa kuti ziziwalira kumbali imodzi, ndipo zikalowa m'dziko loyenda mbali inayo zimathobwa m'maso madalaivala obwera kutsogolo.

Tsopano tifike pa nambala ya chesisi, imene ndikufuna kuti muitayirepo nthawi kuposa china chilichonse. Nambala ya papuleti imasintha, mtundu wa penti umasintha, ngakhale injini imasinthidwa, koma nambala ya chesisi ndi imene boma lililonse limadziwira galimoto kuyambira kufakitale mpaka tsiku limene idzaphwasulidwe. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi nambala yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, ndipo mwa zilembozo mulibe I, O ndi Q, kuopa kuti anthu angazisokoneze ndi 1 ndi 0. Mukaona chimodzi mwa zilembo zitatuzi mu VIN yolembedwa pa pepala la galimoto, dziwani kuti wina analakwitsa pokopera kapena pepalalo ndi lopeka. Magalimoto amene anapangidwira msika wa mkati mwa Japan ndi osiyana, chifukwa nambala yawo ndi yaifupi, imayamba ndi zilembo za modelo kenako kamzere ndi manambala, choncho kufupika kwake kusakudabwitseni.

Nambala imeneyi muione pachitsulo penipeni pamene inadindidwa, osati pa kapepala komata kapena pa kambale kokhomedwa ndi misomali kokha, pakuti zimenezo amachotsa pa galimoto ina n'kuziika pa ina. Pa magalimoto a mtundu wa double cab imakhala yodindidwa pa chitsulo chachikulu chonyamula thupi la galimoto, nthawi zambiri pafupi ndi tayala. Mupukutepo matope, muwalitse tochi, muone ngati zilembo zili zofanana kukula ndi kuzama, ngati palibe zipsera za kupala kapena kuwotcherera mozungulira, ndiponso ngati penti ya pamalopo siikuoneka yatsopano kuposa ya malo oyandikana nawo. Akuba magalimoto ali ndi njira yotenga nambala ndi mapepala a galimoto imene inawonongeka pangozi n'kuzipereka kwa galimoto yobedwa ya mtundu womwewo, ndipo mapepala otero amaoneka abwinobwino chifukwa ndi enienidi, kungoti ndi a galimoto ina. Mukakhutira ndi chitsulocho, yerekezerani chilembo ndi chilembo ndi zimene zili pa bulubuku ya wogulitsa, pa kalata ya apolisi, pa pangano logulitsirana ndi pa mapepala a kasitomu. Ndinaonapo galimoto itakhala pamalire milungu itatu, ndalama yolipirira malo oimikapo ikukwera tsiku ndi tsiku, chifukwa choti wolemba pepala limodzi anaika 8 pamene panayenera kukhala B, ndipo ofesi imene ikanakonza cholakwikacho inali mumzinda umene mwiniwakeyo anali atachokako masiku anayi apitawo. Nambala ya injini muichitenso chimodzimodzi, ndipo ngati injini inasinthidwapo, wogulitsa akonzetse zimenezo m'kaundula wa kwawo musanagule.

Galimoto ikhoza kukhala yosabedwa koma wogulitsayo n'kukhalabe wopanda ufulu woigulitsa. Imene inagulidwa pa ngongole ya kubanki imakhalabe m'manja mwa bankiyo mpaka ngongole itatha, ndipo m'mayiko ena, monga South Africa, pepala la galimoto limalemba mayina awiri, la woigwiritsa ntchito ndi la mwini wake mwalamulo, amene amakhala banki ngati ngongole ilipo. Funani kalata ya banki yotsimikiza kuti ngongole inatha. Funaninso chiphaso cha wogulitsa, muone ngati dzina lake ndi lomwe lili pa bulubuku, ndipo akanena kuti akugulitsira m'bale wake, mwiniwakeyo aonekere kapena apereke kalata yovomerezeka mwalamulo. M'malamulo a mayiko ambiri, munthu amene wagula katundu wakuba mosadziwa sasanduka mwini wake, moti apolisi akaipeza galimotoyo amaitenga, inu n'kutsala ndi ntchito yosaka amene anakugulitsani.

Apa ndi pamene kalata ya apolisi imagwirira ntchito. Bungwe la Interpol, limene likulu lake lili ku Lyon, limasunga kaundula wa magalimoto obedwa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo apolisi amafufuzamo pogwiritsa ntchito nambala ya chesisi. Kum'mwera kwa Africa kuli bungwe la akuluakulu a apolisi lotchedwa SARPCCO, limene linakhazikitsidwa mu 1995, ndipo galimoto imene ikusamukira m'dziko lina la m'chigawochi imayenera kukhala ndi satifiketi yake. Satifiketi yotere imatengedwa m'dziko limene galimoto ikuchokera, apolisi ataiona galimotoyo ndi maso, choncho munthu akakulonjezani kuti akupezerani pepalalo galimoto ili kunyumba, muzindikire kuti pepala lake silidzapirira likafika pa kompyuta ya apolisi akwanu. Pambuyo pake galimotoyo iyenera kuchotsedwa m'kaundula wa dziko lakelo, kapena kulembedwa kuti yatumizidwa kunja, ndipo a kasitomu akomweko ayenera kudinda pepala loitulutsa. Ofesi yolembetsa ya kwanu siifuna galimoto imodzi yokhala ndi moyo m'makaundula awiri.

Nkhani ya msonkho, imene wogulitsa wanuyo akuipeputsa, ili motere. N'zoona kuti mayiko amene ali m'migwirizano ya malonda amachotserana msonkho wa pamalire: COMESA inayamba kutero mu 2000, SADC mu 2008. Koma mwayi umenewu ndi wa katundu amene anapangidwa m'mayiko a mgwirizanowo, ndipo kumene katundu wagulidwa kulibe kanthu. Galimoto yopangidwa ku Japan kapena ku Thailand imakhalabe ya ku Japan kapena ku Thailand ngakhale itayenda zaka khumi m'misewu ya dziko loyandikana nanu. Migwirizanoyi ili ndi malamulo oyezera chiyambi cha katundu, ndipo limodzi mwa malamulo a COMESA limafuna kuti 35 peresenti ya mtengo wopangira chinthu ikhale yowonjezeredwa m'dziko la mgwirizanowo. Zilembo zoyambirira za VIN nthawi zambiri zimakuuzani kale kumene galimoto inabadwira: J ndi Japan, W ndi Germany, ndipo pa Toyota Hilux, AHT ndi ya ku fakitale ya ku Durban pamene MR0 ndi ya ku Thailand. Ngakhale galimotoyo itakhala yopangidwa m'chigawo chanu, a kasitomu safuna mawu apakamwa, amafuna satifiketi ya chiyambi cha katundu yoperekedwa ndi ofesi yovomerezeka, ndipo kuipeza pa galimoto imene yadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi n'kovuta kusiyana ndi pa galimoto yatsopano yochokera kwa woipanga.

Chimene wogulitsayo sanakuuzeni n'chakuti mgwirizano wa malonda umachotsa msonkho umodzi wokha, wolowetsera katundu. Msonkho wa excise ndi VAT ndi misonkho ya mkati mwa dziko, ndipo imalipiridwabe. Ngakhale ku European Union, kumene malire a kasitomu pakati pa mayiko anachotsedwa, galimoto imene sinakwane miyezi 6 kapena sinayende makilomita oposa 6,000 imatengedwa ngati yatsopano, ndipo VAT yake imalipiridwa m'dziko limene ikukalembetsedwa.

Misonkhoyi imakwerana pamsana, ndipo apa ndi pamene masamu a anthu ambiri amasokonekera. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka kuti muone kayendedwe kake. Tinene kuti a kasitomu aika mtengo wa galimoto pa 100, msonkho wolowetsera ndi 25 peresenti, excise ndi 30 peresenti, VAT ndi 16 peresenti. Munthu wowerengera mofulumira amaphatikiza n'kupeza 71. Koma m'mayiko ambiri excise imawerengeredwa pa mtengo wophatikiza kale msonkho woyamba, kutanthauza pa 125, zimene zikupereka 37.5, kenako VAT imawerengeredwa pa 162.5, zimene zikupereka 26, ndipo misonkho yonse pamodzi ikukwana 88.5. Tsopano chotsani msonkho woyambawo monga akunenera wogulitsa wanu: excise ikhala 30, VAT ikhala 20.8, ndipo mukulipirabe zoposa theka la mtengo wa galimotoyo. Mitengo yeniyeni ya kwanu muifunse kwa a kasitomu, koma kawerengedwe kake ndi kameneka, ndipo kutchipa kumene mlamu wanu akukuona kuyenera kuyezedwa zonsezi zitalowamo, pamodzi ndi mafuta a panjira, malipiro a ejenti woombola katundu kwa a kasitomu, inshuwaransi ndi ndalama yolembetsera. Walira mvula walira matope.

Mtengo wa 100 uja nawonso suli m'manja mwanu kwathunthu. Pangano la World Trade Organization lokhudza kayezedwe ka mtengo wa katundu limati poyambira ndi ndalama imene inalipiridwadi, ndipo mayiko ambiri amawonjezerapo ndalama yonyamulira ndi inshuwaransi mpaka pamalire, zimene amazitcha CIF, pamene ena, monga United States ndi South Africa, amawerengera mtengo wa katundu asanayambe ulendo, umene amautcha FOB. Koma a kasitomu ali ndi mphamvu yokana risiti akaona kuti mtengo wake sukugwirizana ndi wa magalimoto ofanana nayo, ndipo pa magalimoto akale amachita zimenezi kawirikawiri, chifukwa amadziwa kuti risiti ya pakati pa anthu awiri imalembedwa mmene awiriwo afunira. Wina adzakulangizani kuti mulembetse risiti yachiwiri ya mtengo wotsika. Musatero. Mukagwidwa mumalipira msonkho wonse ndi chindapusa pamwamba, nthawi zina galimoto imalandidwa, ndipo ngakhale musagwidwe, mwadzichotsera umboni wa ndalama imene munaperekadi ngati tsiku lina mudzafune kusumira wogulitsayo. Lipirani kudzera kubanki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa bulubuku, pakuti pepala la banki ndi limene limateteza mtengo wanu pamaso pa a kasitomu kuposa risiti yolembedwa pamanja.

Popeza yanu ndi double cab, pali kanthu kena koti mufunse mwapadera. Katundu yense wodutsa malire amaikidwa m'gulu motsatira ndondomeko ya Harmonized System ya World Customs Organization. Gulu la 8703 ndi la magalimoto onyamula anthu, 8704 ndi la onyamula katundu, ndipo 8702 ndi la onyamula anthu 10 kapena kuposerapo kuphatikizapo dalaivala. Double cab ili pakati, chifukwa ili ndi mizere iwiri ya mipando ya anthu komanso malo a katundu kumbuyo, ndipo mayiko saiika m'gulu limodzi, pamene misonkho ya magulu awiriwa imatha kusiyana kwambiri. M'gulu la 8703 kukula kwa injini kumagawanso: pa dizilo malire ali pa 1,500cc ndi 2,500cc, moti injini ya malita 2.4 ndi ya malita 3.0 zimagwera m'timagulu tosiyana.

Pa zoti mubwere nayo ndi nambala zakunja n'kudzalembetsa mtsogolo, yankho langa ndi lakuti ayi. Chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi chinakonzedwera alendo, anthu amene amakhala kunja ndipo adzatuluka nayo galimotoyo nthawi yawo ikatha, ndipo umu ndi mmene pangano la mayiko la 1954 lokhudza magalimoto a alendo linakhazikitsira. Munthu wokhala m'dziko momwemo amene wagula galimoto kuti ikhazikike sali m'gulu limeneli. Kugwiritsa ntchito chilolezo chotero, kapena kuuza mlamu wanu kuti ailowetse m'dzina lake n'kukusiyirani, ndi kuzemba msonkho pamaso pa lamulo, ndipo tsiku lomwe chilolezocho chidzathe, kompyuta ya kasitomu idzaonetsa galimoto imene inalowa koma sinatuluke, dzina la mlamu wanuyo lili pamenepo. Msonkho sufafanizika chifukwa cha kuchedwa, umangopeza anzake, chindapusa ndi chiwongoladzanja. Njira yoyenera ndi kuionetsa galimotoyo kwa a kasitomu pachipata chimene mwalowera n'kunena kuti yabwera kudzakhala. Ngati msonkho ukalipiridwe ku ofesi ya mkati mwa dziko, galimoto imayenda pa chikole chimene ejenti amaika, kudzera njira ndi masiku amene alembedwa, ndipo kupatuka nayo kupita kumudzi kukaonetsa abale kumaswa chikolecho.

Chenjeraninso ndi magalimoto amene ali m'dziko loyandikana nanu koma sanalembetsedwepo kumeneko. Magalimoto ambiri akale a ku Japan amene amagulitsidwa ku Durban amakhala m'malo osungira katundu wosalipiridwa msonkho, akudikira kupita kumayiko ena, ndipo ku Dar es Salaam kumadutsanso ambiri a paulendo. Oterewa sakhala ndi bulubuku ya dzikolo, mapepala awo ndi satifiketi yotumizira kunja ya ku Japan ndi pepala la sitima yapamadzi imene inawanyamula. Kugula yotere si kulakwa, koma mndandanda wa mapepala ake ndi wina, choncho mufunse mlamu wanu kuti galimotoyi ili m'gulu liti.

Ejenti woombola katundu mumusankhe amene ali ndi laisensi ya kasitomu, ndipo mutsimikize zimenezo ku ofesi ya kasitomu komweko, chifukwa pamalire pamadzaza adobadoba amene amalankhula ngati maejenti. Ndalama ya msonkho muilipire ku banki kapena ku akaunti ya boma pa nambala ya pepala lanu la kasitomu, ndipo risiti yake ikhale m'dzina lanu. Inshuwaransi ya dziko limene mwagulako kawirikawiri imathera pamalire. M'mayiko ambiri a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kuli Yellow Card ya COMESA, kumadzulo kwa Africa kuli Brown Card, ku Ulaya kuli Green Card, koma zonsezi zimateteza anthu ena amene mungawavulaze kapena kuwawonongera katundu, osati galimoto yanuyo, ndiponso si dziko lililonse limene lili m'ndondomekozi.

A kasitomu akaimasula galimotoyo, gawo lotsala ndi lalifupi ngati zam'mbuyozi zinayenda bwino. Apolisi akwanu amaionanso n'kufufuza nambala ya chesisi, oyeza magalimoto amayesa mabuleki, nyale, matayala ndi chiwongolero, magalimoto onyamula katundu amawakweza pa sikelo, kenako mumalipira ndalama yolembetsera n'kulandira nambala ndi bulubuku. Musanachoke pa windo, werengani bulubukuyo chilembo ndi chilembo monga munachitira ndi ya wogulitsa, ndipo mapepala a kasitomu muwasunge nthawi yonse imene galimotoyo ili yanu, chifukwa amene adzaigule kwa inu adzawafuna.

Mawu amodzi pa injini, popeza mwati ndi ya dizilo ya 2014. Magalimoto ena a zaka zimenezi, makamaka opangidwira misika ya malamulo okhwima a utsi, ali ndi sefa yogwira mwaye yotchedwa DPF, imene imafuna dizilo wa sulfure wochepa ndiponso maulendo ataliatali kuti izidziyeretsa, ndipo ikatsekeka kuikonza n'kodula. Makaniko wodziimira payekha, amene mwamulipira inuyo, aione galimotoyo ndi kompyuta yake, ayerekezerenso makilomita a pa dashibodi ndi mabuku a sevisi, pakuti kubweza makilomita m'mbuyo n'kofala pa magalimoto owoloka malire.

Sabata ino, musanatumize ndalama ngakhale ya chikole, uzani mlamu wanu akujambulireni nambala ya chesisi pachitsulo pomwe inadindidwa, nambala ya injini, bulubuku mbali zonse ziwiri ndi chiphaso cha wogulitsa. Zithunzi zimenezi mupite nazo kwa a kasitomu ndi ku ofesi yolembetsa, ndipo zilembo zitatu zoyambirira za nambala ya chesisiyo zikhoza kukuuzani tsiku lomwelo ngati nkhani ya kuchotseredwa msonkho ili yoyenera kuitsata pa galimoto imeneyi.